Madzi a m'chithunzi cha Childe Hassam: kodi tingajambule chotere ku Nkhata Bay?

Wojambula wa ku Chibavi

Ndikupereka moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga amene mumagwira burashi. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yolemba zikwangwani za magolosale ndi masaluni muno mu Mzuzu, koma ndikapeza mpata ndimajambulanso zithunzi za nyanja, zimene ndimakasiya kwa ogulitsa ziboliboli ku Nkhata Bay kuti azigulitsa kwa alendo odzaona malo. Funso langa likuchokera pa chithunzi china cha ku America chimene ndakhala ndikuchiyang'ana pa foni, chotchedwa The South Ledges, Appledore, chimene Childe Hassam anajambula mu 1913 ndipo chimasungidwa ku Smithsonian American Art Museum mumzinda wa Washington.

M'chithunzicho muli mayi wovala diresi yoyera ndi chipewa chachikulu chotchinga dzuwa, atakhala pa matanthwe owala amene akutsetserekera m'nyanja, ndipo madzi abuluu atenga mbali yaikulu ya nsaluyo. Mulibe msodzi, mulibe mtengo, mulibenso dzuwa lofiira lija limene ife timadalira kuti chithunzi chigulidwe msanga. Chimene chandisowetsa mtendere ndi madziwo. Ndikachikulitsa ndi zala pa foni, sindipeza funde ngakhale limodzi lozungulizidwa ndi mzere. Ndimangoona timizere tifupitifupi ta utoto, tina tabuluu wozama, tina tobiriwira, tina toyera, togundanagundana ngati kuti mwini wake anali pa changu. Koma ndikachichepetsa, timizere tonse tija timasanduka nyanja yoyenda ndi yonyezimira. Matanthwe nawonso akuoneka olimba ndi otentha ndi dzuwa, chonsecho m'ming'alu yake sindikuonamo utoto wakuda bii umene ine ndimagwiritsa ntchito.

Ndikufuna kudziwa mmene munthuyu ankachitira kuti madzi aoneke amoyo chonchi, komanso ngati zimenezi zingatheke ndi penti amene timagula m'mahadiweya athu. Funso lalikulu mumtima mwanga ndi lakuti, kodi kajambulidwe kameneka kangayenerane ndi matanthwe a ku Nkhata Bay, kapena ndi ka nyanja yamchere ya kumaiko ozizira kokha?

Mphunzitsi wa ku Katoto

Achimwene, mwasankha chithunzi chabwino choyambirapo, ndipo mwina mulimba mtima mukamva kuti Hassam anayamba ntchito mofanana ndi inu. Iye anabadwa mu 1859 ku Dorchester, dera la mzinda wa Boston, ndipo ali mnyamata ankagwira ntchito kwa munthu wosema zidindo zamatabwa zosindikizira, kumene ankakonza zilembo ndi zokongoletsera za pamwamba pa makalata a amalonda. Kenako anayamba kujambulira magazini ndi kugwiritsa ntchito utoto wamadzi. Mu 1886 anapita ku Paris kukaphunzira ku sukulu ya zojambula ya Académie Julian, nabwerera kwawo mu 1889 kukakhazikika ku New York.

Pamene ankafika ku France, kajambulidwe kotchedwa Impressionism kanali katakhwima kale. Claude Monet, Renoir, Pissarro ndi anzawo anachititsa chionetsero chawo choyamba mu 1874, ndipo chimene ankafuna chinali kugwira mmene kuwala kukugwera pa chinthu pa nthawi imeneyo, asanasinthe mitambo kapena dzuwa. Kuti achite zimenezi ankatuluka m'nyumba n'kukajambulira pamalo penipenipo. Chinawathandiza kwambiri ndi kachubu kachitsulo kosungiramo utoto, kamene wojambula wina wa ku America, John Goffe Rand, anakonza mu 1841. Kale utoto unkasungidwa m'zikhodzodzo za nkhumba, zimene zinali zovuta kuyenda nazo ndiponso zosatheka kutseka bwino zikabooledwa. Mu 1886 wamalonda wa ku Paris, Paul Durand-Ruel, anabweretsa zithunzi zambiri za gulu limeneli ku New York, ndipo anthu achuma a ku America anayamba kuzikonda. Chakumapeto kwa 1897 Hassam pamodzi ndi J. Alden Weir ndi John Henry Twachtman anayambitsa gulu la ojambula khumi limene linayamba kuonetsa ntchito zake palokha mu 1898.

Koma mbiri imeneyi siyankha funso lanu la madzi. Yankho lili pa chilumba cha Appledore. Ichi ndi chachikulu mwa tizilumba ta Isles of Shoals, timene tili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku gombe, pa malire a zigawo za Maine ndi New Hampshire. Panali hotela yaikulu ya banja la mlakatuli Celia Thaxter, amene ankalandira ojambula, oimba ndi olemba m'nyumba yake nyengo yotentha. Hassam anayamba kupitako m'zaka za m'ma 1880 ndipo anakhala akubwererako kwa zaka pafupifupi 30. Poyamba ankajambula maluwa a m'dimba la mayiyo, monga mmene tikuonera mu Poppies, Isles of Shoals cha mu 1891, chimene chili ku National Gallery of Art ku Washington komweko. Mayiyo atamwalira mu 1894, Hassam anasiya maluwa pang'onopang'ono n'kutembenukira ku matanthwe ndi madzi okhaokha. Choncho pofika 1913 anali atayang'ana matanthwe omwewo kwa zaka zoposa 20: m'mawa, masana, madzi atakwera, madzi ataphwa, kuli bata ndiponso kuli mphepo.

Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi yakuti timizere timene mukuti tikuoneka ngati ta munthu wachangu tinachokera m'kuyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali. Mu 2016 kunali chionetsero cha zithunzi zake za ku Isles of Shoals ku North Carolina Museum of Art ndi ku Peabody Essex Museum, ndipo pochikonzekera akatswiri anayendayenda pa chilumbacho pamodzi ndi anthu a ku Shoals Marine Laboratory, malo ophunzirira za m'nyanja amene ali pa Appledore masiku ano. Anatha kupeza malo ambiri amene Hassam ankaimapo, chifukwa maonekedwe a matanthwe ndi ming'alu yake m'zithunzi akufanana ndi zimene zilipo mpaka lero. Munthu wongopaka za m'mutu sakanasiya umboni wotere. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene zithunzi zambiri zogulitsa kwa alendo zimaperewera: nyanja yake si ya ku Chikale, si ya ku Usisya, si ya ku Chintheche, koma ndi nyanja yongoiganizira, imene wojambula aliyense amatengera kwa mnzake.

Mkulu wa ku Luwinga

Aphunzitsi afotokoza bwino za mwini chithunzi. Ine ndilankhulepo za m'manja, popeza ndakalambira pa utoto.

Mphwanga wa ku Chibavi, chinsinsi choyamba chili pa bolodi losakanizirapo. Mukatenga buluu, chikasu, zofiira ndi zoyera n'kuzitakasa pamodzi mpaka zitakhala mtundu umodzi, mumapeza utoto wotuwa, wakufa, chifukwa mtundu uliwonse umene mwawonjezera umameza gawo lina la kuwala. Anthu a Impressionism ankaika mitunduyo pa nsalu moyandikana, uliwonse uli wowala pawokha, n'kusiyira diso la woonayo ntchito yosakaniza. Zili ngati chitenje cha timadontho tofiira ndi tabuluu, chimene ukachionera patali chimaoneka chapepo, koma chowala kuposa chitenje chonyikidwa mu utoto wapepo. Chachiwiri, mtundu umawala kwambiri ukakhala pafupi ndi mdani wake. Mdani wa buluu ndi mtundu wa lalanje, n'chifukwa chake madzi a Hassam akuoneka abuluu kwambiri pamene akumana ndi m'munsi mwa matanthwe, pomwe pali mitundu yofiirira. Mukachotsa kufiirira kumeneko, buluu yemweyo amazilala.

Za mithunzi, musandikhulupirire ine, kayeseni nokha. Tsiku lopanda mitambo, yanikani malaya oyera padzuwa ndipo muyang'anitsitse m'mapindo ake momwe dzuwa silikufika. Mudzaona kuti si mwakuda, koma mwabuluu pang'ono, popeza malo amene dzuwa silikuwomba amawalitsidwa ndi thambo. Ndipo m'munsi, moyang'anizana ndi dothi lathu lofiira, mudzaona kufiirira kobwerera kuchokera pansi. Diresi ya mayi wa m'chithunzicho ndi matanthwe amene wakhalapo zajambulidwa ndi nzeru imeneyi, n'chifukwa chake mayiyo akuoneka ngati gawo la thanthwelo. Ndikukulangizani kuti pa zithunzi zingapo zoyamba utoto wakuda muusiye kunyumba. Mukafuna mtundu wozama, sakanizani buluu wozama ndi bulawuni, ndipo mudzapeza mdima umene ukupumabe.

Tsopano za penti. Penti wamafuta wonyezimira amene mumalembera zikwangwani anapangidwa kuti aziyenderera n'kusalala, kuti mapazi a burashi asaoneke. Pa chikwangwani umenewo ndi ubwino, koma pa ntchito iyi ndi vuto, chifukwa timizere timene mukufuna kuti tiime patokha timasungunukirana tisanaume. Hassam ankagwiritsa ntchito utoto wamafuta wa m'machubu, wolimba, umene umakhala pomwe wauika. Ngati mungapeze machubu a utoto wa acrylic m'masitolo ogulitsa zolembera, yambani ndi amenewo. Ngati ayi, penti wamadzi wa PVA wothira mitundu amagwirako ntchito, malinga musamuchulutsire madzi. Dziwani kuti onse awiriwa amauma msanga, makamaka pa mphepo ya kunyanja, ndipo akauma mtundu umasintha pang'ono, choncho muzifinya pang'onopang'ono ndi kuphimba bolodi lanu ndi kansalu konyowa. Burashi yofewa yolembera zilembo isiyeninso. Mukufunika yaubweya wolimba, yaphwatalala kunsonga.

Dzanja liziyenda motsatira chinthu chimene mukujambula. Pa madzi akutali timizere tizikhala tating'ono, togona, toyandikana, ndipo mitundu yake isasiyane kwambiri. Mukamayandikira gombe tizikula, tizipindika motsatira funde, ndipo kusiyana kwa mitundu kuzikulanso. Pa thanthwe dzanja litsate mng'alu ndi kutsetsereka kwake. Mukapaka pang'ono, bwererani m'mbuyo mapazi angapo n'kutsinzina pang'ono, chifukwa chithunzi chotere sichiweruzidwa mphuno ili pa nsalu. Yambani ndi tizidutswa ta hadibodi tosaposa kukula kwa kope la sukulu, topaka zoyera, ndipo pa kalikonse musapitirire ola limodzi, popeza dzuwa likasuntha mitundu yonse pamadzi imasintha. Kujambula kuchokera pa chithunzi cha foni sikungakupatseni zimenezi: foni imadetsa mithunzi n'kuyeretsa powala, ndiye kuti imataya mitundu yomwe ija mukuifunafuna.

Mayi wa ku Mchengautuwa, kwawo ku Nkhata Bay

Ine si wojambula, koma ndinakulira m'mphepete mwa madzi amene mukukambawa, ndipo ndapita kukachiona chithunzicho nditawerenga zimene aphunzitsi ndi bambo a ku Luwinga alemba. Ndi chokongola, sindikana. Pempho langa kwa achimwene a ku Chibavi ndi lakuti atengeko kayang'anidwe ka munthuyo, koma mitundu yake aisiye komweko, chifukwa nyanja yathu ndi ina.

Pa Appledore madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, mamita oposa awiri, ndipo lamba wofiirira amene ali m'munsi mwa matanthwe ake ndi malo amene madzi amchere amamiza ndi kuvundukula, momwe mumamera zomera za m'nyanja. Kwathu kulibe zimenezo. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika potsatira nyengo: imadzaza mvula ikamatha, cha mu April ndi May, ndipo imaphwa mpaka mvula ina itayamba. Chimene chimatsala pa thanthwe ndi mzere wosonyeza pamene madzi anafika, ndipo pamwamba pake nthawi zambiri pamakhala zitosi zoyera za mbalame zodya nsomba. Madzi athunso ndi oyera moti munthu ataima pa thanthwe amaona miyala ya pansi ndi mbuna zikusambira pakati pake. Choncho pafupi ndi gombe mtundu wake ndi wobiriwira mowala, wosakanikirana ndi chikasu cha mchenga, ndipo buluu wozama amayambira pamene pansi pagwa, zimene ku Nkhata Bay zimachitika pafupi kwambiri ndi mtunda. Wojambula amene angathe kuonetsa malire amenewo, pamene kubiriwira kukusanduka buluu, ndiye kuti wajambula kwathu.

Dzuwa nalonso ndi lina. Appledore ili pafupifupi madigiri 43 kumpoto kwa Equator, pamene Nkhata Bay ili madigiri osakwana 12 kumwera kwake, kotero masana dzuwa lathu limakhala pamutu, mithunzi imafupika, ndipo matanthwe amachita kuthobwa m'maso. Nthawi imene mitundu imaoneka bwino ndi m'mamawa ndi chakumadzulo. Apa pali chinthu chimene chimandiwawa ndikamadutsa pa malo ogulitsa ziboliboli. Zithunzi zambiri zimagulitsidwa ngati za dzuwa likulowa m'nyanja, chonsecho gombe lathu linayang'ana kum'mawa: dzuwa limatulukira m'nyanja, ndipo limakalowera kuseri kwa mapiri, mbali ya kuno ku Mzuzu. Madzulo enieni a ku Nkhata Bay ndi pamene mthunzi wa mapiri wagwera pagombe, madzi apafupi azizira mtundu, koma mitambo ya kutsidya ikadali yofiirira ndi dzuwa limene ife sitikulionanso. Sindinaonepo chithunzi cha nthawi imeneyo. Sindinaoneponso cha mwera wa mu June ndi July, pamene madzi amatuwa n'kumachita thovu, kapena cha nkhungu, tizilombo touluka tija, zikukwera pakati pa nyanja ngati utsi.

Pomaliza pali nkhani ya anthu, ndipo apa ndikusiyana pang'ono ndi chithunzi chimene mwachikondachi. Tizilumba ta Isles of Shoals tinali ta asodzi kalekale. M'zaka za m'ma 1600 kunali midzi ya anthu opha ndi kuyanika nsomba za cod zimene zinkagulitsidwa mpaka ku Ulaya. Pofika nthawi ya Hassam malowo anali atasanduka opumulirako anthu opeza bwino, ndipo pa chilumba choyandikana cha Star Island malo a mabanja a asodzi anagulidwa m'zaka za m'ma 1870 kuti pamangidwe hotela. Mayi wa diresi yoyera uja ndi mlendo wa pa tchuthi. Ife a kunyanja nkhani yotere tikuidziwa, chifukwa taona madooko ena akutchingidwa ndi mipanda ya malo ogona alendo. Gombe lathu likadali ndi eni ake: amayi otsuka mapoto, ana osambira, usipa pa thandala, anyamata okonza chilimira, ndi nyali za asodzi zondandalika pamadzi usiku. Ngati mukufuna wojambula wa ku America wa nthawi yomweyo amene anaika asodzi pakati pa chithunzi, onani The Herring Net cha Winslow Homer cha mu 1885, ngakhale iye sanali wa gulu la Impressionism. Ndingakondwe kuona kuwala kwa Hassam kukugwera pa anthu a ntchito ngati amenewo.

Wojambula wa ku Chibavi

Zikomo kwambiri aphunzitsi, bambo a ku Luwinga ndi inu mayi. Za mthunzi wa mapiri madzulo zandigwira mtima, ndipo ndi zimene ndikufuna kuyamba nazo pa tizidutswa ta hadibodi tija. Nkhawa imene yanditsalira ndi ya msika, popeza ogulitsa amandiuza mtundu wa zithunzi zimene zimatuluka msanga, ndipo ulendo wa ku Nkhata Bay umadya ndalama ya minibasi ndi tsiku lathunthu la ntchito. Ndikufunsanso kumene ndingapeze zithunzi zimenezi zooneka bwino, chifukwa chimene ndili nacho chimasweka ndikachikulitsa kwambiri.

Mphunzitsi wa ku Katoto

Za msika sindingakulonjezeni kanthu, achimwene, ndipo sindingakuuzeni kuti musiye zimene zikudyetsa banja lanu. Chimene ndingatsimikize ndi chakuti tizidutswa timene bambo a ku Luwinga akunena si togulitsa ayi, ndi tophunzirira. Mukakhala nato tokwanira, tojambulidwa pa thanthwe limodzi nthawi zosiyanasiyana, mungathe kujambula chithunzi chachikulu muli kunyumba ku Chibavi mitundu yoona ili pambali panu, ndipo maulendo a kunyanja sachuluka. Pakati pa maulendowo diso lingathe kuphunzira konkuno, pa nkhungu ya m'mawa ya mu Mzuzu imene imafewetsa mitengo ndi madenga, kapena pa dziwe lililonse limene likuonetsa thambo.

Zithunzi zooneka bwino zilipo zaulere. Smithsonian inatsegula zithunzi za katundu wake wambiri kuti aliyense azitenga pa intaneti kuyambira mu 2020, ndipo Metropolitan Museum of Art ya ku New York inachita chimodzimodzi mu 2017. Lembani dzina la chithunzi pa tsamba la nyumba imene ikuchisunga, osati kutenga chimene chadutsa pa WhatsApp kapena Facebook, popeza kumeneko zithunzi zimafinyidwa. Ku Metropolitan mukapezako Coast Scene, Isles of Shoals cha Hassam cha mu 1901, chimene ndi matanthwe ndi madzi basi. Komweko kulinso At the Seaside cha William Merritt Chase, amene ankaphunzitsa kujambulira panja ku Shinnecock Hills pa Long Island kuyambira 1891 mpaka 1902. Chimenecho chili ndi anthu pa mchenga, ndipo chingakuthandizeni pa magombe ngati a ku Chintheche ndi Kande. Pa nkhani ya dzuwa lamphamvu imene mayi anena, funaninso zithunzi za Guy Rose za ku Point Lobos ndi Laguna Beach ku California, kumene kuwala kuli kowawa kuposa kwa ku Maine. Mukapeza chimodzi chooneka bwino, kachisindikizitseni chamitundu pa pepala la A3 m'tauni, muchikhome pakhoma la malo anu antchito, kuti muzitha kuchiona pafupi ndi patali monga mmene adalangizira bambo a ku Luwinga.